Dzanja lamanja la atate

Atate anathyoka dzanja nthawi yotuta chimanga, chaka chomwe amayi anadwala sitiroko. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikukhala pa boma pa Chadiza, ndikusoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Makolo anga anali kumudzi ku Zemba awiriwiri, chifukwa ana tonse tinali titabalalika, ndipo amene ankawayendera tsiku ndi tsiku anali msuweni wanga, mnyamata wapabanja wokhala nyumba yoyandikana nayo.

Makolo anga anabadwira ku Mozambiki, ndipo anawoloka malire akuthawa nkhondo ine ndisanabadwe. Paulendowo anatayana. Atate anasiya amayi pansi pa mtengo, nati akukafuna madzi, abwera posachedwa. Mfuti zinalira, anthu anamwazika, ndipo awiriwo anadzaonananso patapita miyezi. Amayi anali oyembekezera. Anachirira m'tchire pakati pa anthu osawadziwa, mwanayo sanakhale moyo. Nkhaniyi kwathu sinali yobisa, komanso sinali yokambidwa kawirikawiri. Chimene tonse tinakula tikuchiona n'chakuti atate sankagona kutali ndi nyumba. Ngakhale maliro a wachibale, akakhala akutali, ankapita m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo, anthu anene zonena zawo.

Sitiroko inawapha amayi mbali yakumanja, n'kuwalandanso pafupifupi mawu onse. Anatsala ndi mawu ochepa, ena otuluka pamalo pake, ena osadziwika mutu wake. Atate ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyamula kupita nawo pakhonde kukawothera dzuwa, ndi kuwamwetsa phala. Azimayi akutchalitchi ankabwera kudzathandiza, koma amayi akaona sipuni ili m'dzanja la munthu wina ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhoma.

Tsiku la ngozi atate ankachokera kumunda ndi ngolo yodzaza chimanga. Anali atachedwa, ndipo ankathamangitsa ng'ombe kuti akapeze amayi asanayambe kulira. Gudumu linalowa m'chibowo cha mumsewu, ngolo inapendekeka, iwo anadumpha n'kufikira dzanja lamanja. Msuweni wanga anandiimbira foni ali kale m'njira ya kukiliniki. Ndinasiya diresi pamakina, singano ili m'nsalu, n'kukwera njinga yamoto.

Ndinawapeza atakhala pabenchi, atafungatira mkono pachifuwa. Dzanja linali litathyokera povalira wotchi. Linatupa, ndipo linaima mokwera, ngati lasiyana njira ndi mkono wake. Mawu awo oyamba anali akuti, "Amako ndawasiya ndi mkazi wa msuweni wakoyu. Sadya kanthu mpaka ndifike."

Amene anatilandira anali mayi wachitsikana, wamfupi, wolankhula mosathamanga. Tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Pakiliniki imeneyo panalibe makina a ekisire, koma adokotalawo anatuluka n'kubwera ndi kachikwama, n'kutulutsamo kagalasi konga foni yaikulu ndi kachipangizo ka chingwe, kukula kwake ngati sopo wosambira. Ndinakazindikira. Anali makina a sikani, omwe anandiunikira nawo ndili woyembekezera mwana wanga wotsiriza. Atate nawonso anawazindikira.

"Adokotala, mwandiona bwino koma? Ine mwezi wanga sunakwane."

Adokotala anaseka. "Agogo, makinawa saona ana okha. Amaonanso msana wa fupa. Ndibwerekeni dzanja labwinolo kaye."

Anapaka mafuta oterera ozizira padzanja lamanzere, n'kugoneka kachipangizoko motsata mkono. Pagalasi panaoneka utsi wotuwa, ndipo m'kati mwa utsiwo munadutsa mzere woyera, wowala, wowongoka ngati mzere wa choko umene ndimalemba pansalu ndisanadule.

"Ili ndi fupa lanu labwino," anatero. "Mzerewu muusunge m'maso."

Kenaka anapaka mafuta padzanja lothyokalo, mofatsa kwambiri. Mzere unayamba bwino, koma pafupi ndi dzanja unaduka, ndipo chidutswa chakumapeto chinakwera m'mwamba n'kupendekeka. Anasuntha kachipangizo, anaunika chakumbali kwa chala chachikulu, anaunikanso kunsi. Atate anaiwala ululu, anatalikitsa khosi kuyang'ana.

"Ndiye ndine ameneyo," anatero chapansipansi.

Adokotala anawabaya jekeseni pothyoka pomwepo. Patapita kanthawi anauza msuweni wanga kuti agwire chigongono mwamphamvu, iwo anagwira zala ndi chikhatho n'kuyamba kukoka. Anakoka nthawi yaitali, kenaka anakankha ndi zala zazikulu. Atate anangoluma mano, thukuta likutsika m'khosi. Ataunikanso, mzere unali utayandikana koma mbali imodzi inali idakali pamwamba pa inzake, ngati msoko umene nsalu imodzi yakwera.

"Sizinakwane. Tikokenso pang'ono, agogo, pepani."

Ulendo wachiwiri mzere unakumana. Panangotsala kamng'alu kakuda, koma mbali ziwirizo zinali pamzera umodzi. Adokotala anatembenuzira galasi kwa ine kuti ndione, ndipo ndikukumbukira kuti ndinapuma ngati ndatula mtolo. Anawaika chikhakha cha mbali imodzi, chomangira ndi bandeji, chifukwa dzanja linali likutupabe.

"Mvetsetsani, agogo. Fupali langokhala m'malo, silinagwire. Musanyamule kanthu, ngakhale kapu yamadzi. Mubwerenso sabata yamawa tidzamasule tione ngati silinasunthe. Komanso makinawa amaona kunja kwa fupa kokha, m'kati mwa mfundo saona. Ndikadakonda mukajambulitse ekisire."

"Ndamva," anatero atate, maso ali pakhomo.

Ndinatseka ntchito yanga n'kukakhala kumudzi. Ndinkaganiza kuti poti ndine mwana wawo wamkazi, amayi andilola. Kuwasambitsa anandilola, ngakhale ankayang'ana kumbali. Koma ndikalowetsa manja kunsi kwa msana wawo kuti ndiwanyamule, thupi lonse linkauma ngati thabwa, ndipo ankayamba kulira, kulira kopanda mawu kumene sindifuna kudzakumvanso. Atate ankaima pambali, dzanja lili m'nsalu yokolekera m'khosi, akuwanyengerera. "Ndili pano, amake ana. Ndi mwana wanu uyu. Ndili pano." Phala ankawamwetsa ndi dzanja lamanzere, lina likutayikira pachitenje.

Masana ena ndinapita kumjigo. Tinali titawakhazika amayi pampando wa ndalema pakhonde. Pobwera ndinapeza amayi ali pamphasa m'nyumba, atafunditsidwa bwinobwino, atate atakhala pachiundo pakhomo, nkhope itatuwa. Nsalu yokolekera dzanja inali pansi.

"Chachitika n'chiyani, atate?"

"Anatsetsereka pampando. Anagwa chafufumimba, mphuno ili m'dothi."

"Ndiye mwawanyamula nokha? Bwanji osakuwa kuti anthu abwere?"

"Ukadakhala iwe ukadayamba wakuwa?"

Madzulo ake zala zinatupa, ndipo anamwa panado osandiuza, ndinangoona pepala lake pansi pa mpando.

Lachiwiri, tsiku lobwerera kukiliniki, adokotala anamasula bandeji, anachotsa chikhakha, n'kupakanso mafuta aja. Ine ndinali nditadziwa kale kuwerenga mzerewo, moti sanafunike kundiuza. Chidutswa chija chinali chitakweranso, chitapendekeka kuposa poyamba, ndipo pafupi ndi pothyokapo panali tizidutswa tina tating'ono. Adokotala anaunika mbali zonse mobwereza. Kenaka anaika kachipangizo pansi.

"Agogo, mwanyamula chiyani?"

"Mkazi wanga."

Sanawakalipire. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Anawafotokozera kuti mafupa a munthu wamkulu amakhala ofewa, ndipo awowo anali atafumbutuka chakumsana kwa dzanja, moti ngakhale akoke kachitatu, fupa silikhala, libwereranso. Anati ku Chipata akawajambula ekisire, ndipo mwina akawalowetsa timawaya togwira fupa mpaka lipole. Anati apite sabata yomweyo, fupa lisanayambe kumatirira pamalo olakwika.

"Ndikapita m'mawa, madzulo ndibwerako?" anafunsa atate.

"Ayi, agogo. Akakugonekani masiku angapo."

"Ndiye ingomangani mmene lililimu."

Adokotala anawatembenuzira galasi, chithunzi chili chiimire. Anawaonetsa ndi chala pamene mzere unayenera kudutsa, ndi pamene unali. Anawauza mosabisa kuti likapola chotero, dzanja lidzakhala lopotoka, silidzagwira zinthu mwamphamvu, ndipo chikhatho chidzavuta kutembenuza. Anawafunsa ntchito imene amagwira.

"Ndimalima ndi ng'ombe."

"Pulawo imafuna manja awiri, agogo."

Atate anayang'anitsitsa galasilo nthawi yaitali. "Ndaona, mwana wanga. Simunandibisire kanthu, zikomo. Mangani."

Adokotala anawakoka pang'ono mmene akanathera, n'kuwaika chikhakha chozungulira mkono wonse. Potuluka anandikokera pambali. "Yesetsani kuwanyengerera. Akavomera mawa kapena mkuja, mundiuze, ndiimba foni ku Chipata kuti akawalandire."

Ndinawanyengerera njira yonse, ndipo kunyumba tinakangana mmene sitinakanganepo chibadwire changa. Ndinati ndilipo ine, alipo mkazi wa msuweni, amayi sangafe ndi masiku ochepa. Ndinati tiwatenge amayi tipite nawo limodzi. Atate anandifunsa ngati ndaiwala mmene minibasi ya ku Chipata imadzazira, munthu wosatha kukhala tsonga akakhala pati, ndipo kuchipatalako akagona kuti, kuwodi ya amuna? Mlongo wanga wa ku Lusaka anaimba foni, analankhula mpaka foni kutentha. Atate ankangoti, "Ndamva."

Pomaliza ndinaganiza zopita kwa amayi eni ake. Ndinkadziwa kuti amamva zonse ngakhale sankatha kuyankha. Ndinagwada pafupi ndi mphasa yawo, atate ataima pakhomo, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono. Ndinati dzanja la atate lasuntha, akufunika kupita ku Chipata, akangokhala masiku ochepa n'kubwera, ine sindichoka pambali pawo. Amayi anandiyang'ana, kenaka anayang'ana atate. Milomo yawo inavutika kanthawi, ndipo mawu amene anatuluka anali amodzi.

"Madzi."

Mpaka lero sindidziwa ngati anali ndi ludzu chabe. Kunkatentha, ndipo amenewo anali amodzi mwa mawu ochepa amene anawatsalira, ankawatchula kangapo patsiku. Koma atate anamva za pansi pa mtengo paja, tsiku limene anapita kukafuna madzi. Anatunga m'ndowa ndi dzanja lamanzere, anagwada, anawamwetsa, n'kuwapukuta pachibwano.

"Sindipita kulikonse, amake ana," anatero. Ndipo kwa ine anati, "Nkhani imeneyi yatha."

Inathadi. Ndinakhala nawo mpaka chikhakha chinachotsedwa, kenaka ndinabwerera ku boma, n'kumapita kumudzi Loweruka lililonse. Dzanja linatuluka lowonda, khungu likusupuka, litapotokera kumbali ya chala chachikulu, ndipo mbali ya kachala kakang'ono kunatumphuka fupa ngati nthudza. Adokotala anawaphunzitsa kulipinda m'madzi ofunda ndi kufinya mpira wa nsanza. Ankachita mokhulupirika. Zala zinayamba kuyenda, koma chikhatho chinakana kuyang'ana kumwamba. Zimenezi zinawapweteka mtima kuposa mmene ndinkaganizira. Munthu akawapatsa kanthu sankatha kulandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, ndipo ankapepesa nthawi iliyonse, ngakhale kwa ana. Kunyamula amayi sanasiye. Anapeza njira yake, ankalowetsa mkono wonse mpaka m'chigongono.

Amayi anatisiya mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe. Anadwala chifuwa sabata imodzi, n'kupita m'mawa wina atate akuwatenthetsera madzi osamba. Anthu obwera pamaliro atabalalika, masamba a pamsewu atachotsedwa, atate anandiitana kuseri kwa nkhokwe.

"Tsopano ungandiperekeze ku Chipata kuja."

Tinayamba tadzera kukiliniki. Adokotala anatipepesa maliro, n'kutulutsa makina aja. Mzere woyera sunalinso woduka. Unali utalumikizana, koma mokhota, ndi chotupa pamene panali mng'alu, ngati nthambi imene inathyoka n'kupola yokha pamtengo.

"Lagwira," anatero. "Lagwira zolimba, koma pamene linagonapo. Pitanibe akakuoneni, mwina iwo aona njira."

Ku Chipata anawajambula ekisire. Dokotala wa mafupa, bambo wa imvi zake, anayang'ana chithunzi, anagwiragwira dzanja, n'kutiuza kuti kuliwongola tsopano n'kudula fupa mwatsopano ndi kuikamo chitsulo. Anati pa msinkhu wa atate, ndi mafupa ofewa chotero, sangalonjeze kuti dzanja likhala bwino kuposa mmene lilili, ndipo iye sakuwalangiza kutero. Sanafunse chifukwa chimene tinachedwera. Tinakwera minibasi ya masana omwewo. Atate anakhala kuwindo, dzanja lili pamwendo.

Mvula yoyamba itanyowetsa nthaka anamanga ng'ombe m'goli. Ndinali komweko tsiku limenelo, ndinapita kukathandiza kubzala nshawa. Ng'ombezo anaziphunzitsa okha zili zazing'ono, ndipo zinkamva mawu awo popanda chikwapu. Msuweni wanga anati iye ndi amene agwire pulawo, atate anakana. Anagwira zogwirira zonse ziwiri, analiza mluzu, ng'ombe zinanyamuka. Poyamba zinkaoneka ngati zitheka. Koma pulawo itakumana ndi muzu inagwedezeka, dzanja lamanja linataya, pulawo inagwa cham'mbali n'kumakokedwa pamwamba pa nthaka. Anaimitsa ng'ombe, anaidzutsa, anayambanso. Inagwanso. Mzera umene anasiya kumbuyo unali wokhotakhota ngati wa mwana wophunzira kumene. Atayesa kwa kanthawi anaima, anayang'ana mzerawo, n'kukodola msuweni wanga.

Anabwera kudzakhala pafupi ndi ine pachulu cha m'mphepete mwa munda. Ndinkafuna kuwatonthoza, ndiye ndinati, "Atate, munachita zimene mtima wanu unafuna. Amayi anapita muli pambali pawo."

Ndinkayembekeza kuti avomera, koma anapukusa mutu.

"Ndikadapita," anatero. "Ndikadapita Lachiwiri lija, pofika kumapeto kwa sabata ndikadabwera. Amako akadalira, akadakana phala tsiku loyamba, mwina lachiwiri. Kenaka akadadya. Njala ilibe mwano. Iwe unalipo."

"Nanga munakaniranji?"

"Ndinkaopa ndine. Ndinkati ndikakagona kumeneko, pobwera ndidzapeza palibe munthu." Anasisita fupa lotumphukalo ndi chala. "Miyezi yotsirizayo ndinkawanyamula ngati thumba, ndi chigongono. Ankamva kuwawa, ndinkaona pankhope. Ndikadakhala ndi dzanja ndikadawagwira bwino."

Tinakhala pachulupo tikuyang'ana msuweni wanga akutembenuza ng'ombe kumapeto kwa munda. Zinkachedwa kumumvera, zinkangotembenukira kumene kunali atate.

Chimene chimandiwawa ndikakumbukira n'chakuti sitinali mumdima. Anthu ambiri kwathu amapola mopotoka chifukwa palibe anaona zimene zinkachitika pansi pa khungu. Ife tinaona ndi maso athu, fupa litakhala bwino, ndiponso litasuntha nthawi yokonza ikadalipo. Adokotala aja ananena zonse zimene zinadzachitika. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina ndikadawayesa amayi tsiku limodzi lokha, atate akagone kwa msuweni, tione ngati kukacha sakadadya. Maganizo amenewa anandibwerera mochedwa, ndipo sindidziwa ngati atate akadalola.

Chaka chotsatira anasiyira msuweni wanga munda ndi ng'ombe, n'kubwera kudzakhala nafe pa boma. Anavomera mosavuta, zimene zinandidabwitsa. Masiku ano amandiperekeza kukhonde kumene ndimasokera. Amakhala pampando pafupi ndi makina, amapinda mayunifolomu otha kusoka ndi dzanja lamanzere, lamanjalo likungopsinja nsalu. Kukazizira limawawawa, amalifunditsa ndi mpango. Akaona munthu wa chikhakha akudutsa kupita kumsika amamuitana, n'kumufunsa kuti anagwa bwanji, anamuunika kapena ayi, ndipo anamuuza kuti abwerere liti. Ena amaima n'kucheza nawo, ena amangoyankha akuyenda.

Mabatani ankawavuta kwambiri. M'mawa uliwonse ndinkawamanga malaya, iwo atayang'ana kudenga ngati sizikuwakhudza. Tsiku lina ndinatenga malaya awo onse, ndinachotsa mabatani ang'onoang'ono n'kusokerapo akuluakulu a majasi, n'kukulitsa mabowo. Tsopano amavala okha, ngakhale zimawatengera nthawi. Batani la pamkono wakumanzere lokha ndi limene limawakanikabe, chifukwa limafuna zala za dzanja lamanja. Amatuluka m'chipinda mkonowo uli lendelende, amaima pafupi ndi ine, ndipo ine ndimawamanga.